Chithunzi Chomwe Ndinapereka ndi Manja Awiri

Mudzi wa Kapesi,
Lobi, Dedza.
15 Novembala 2023

Okondedwa achemwali a Monika,

Kuno kwacha ndi nkhungu ndipo mvula ikuwaza kuyambira m'mamawa. Amayi apita kukadzala nyemba, ine ndanama kuti mutu ukundipweteka kuti nditsale ndikulembereni. Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu. Ife tilipo. Chifuwa cha abambo chayamba kuchepa.

Munafunsa za ulendo wanga wa ku Lilongwe. Pafoni ndinangoti unali wabwino chifukwa amayi anali pafupi.

A Petulo anatiitana ine ndi mnzanga Tamandani kuti tikaone komwe amagwira ntchito. Ndi nyumba yogona alendo yotchipa, kumene amafikira achinyamata ochokera kunja, aja oyenda ndi zikwama zazikulu kumsana. Chipinda chimodzi mabedi asanu ndi atatu, osanjikiza, amuna ndi akazi momwemo. Ine anandipatsa bedi lapamwamba, ndipo masiku awiriwo ndinagona ndi zovala, chitenje nditamanga. Aliyense amadziphikira m'khitchini imodzi. Mbatata ya kachewere yomwe ndinatengera a Petulo anaigawira alendo, iwo n'kukazinga ndi makoko omwe.

Ntchito ya a Petulo ndi kuyenda nawo alendowo m'tauni. Loweruka anatitenga nafenso. Tinadutsa mumsika, tinawoloka mtsinje pa timilatho tamatabwa togwedezeka, alendo akukuwa ndi kuseka. Tinaona nyumba ya malamulo tili kunja kwa mpanda. Kenako tinakwera chipilala cha asilikali mpaka pamwamba. A Petulo anandilozera kum'mwera, amvekere, "Kwanu ndi uko, Filomena. Chaka chamawa ngati lero ndidzakhala mkamwini, ndikusenzera amako manyowa." Tamandani anati, "Ndi manja osalalawo? Khasu lidzakuthawani, alamu." Achemwali, tsiku limenelo ndinaseka pagulu.

Titabwerera dzuwa likupendeka, alendo anakhala pabwalo ndi zakumwa zawo. Ndinangomva ng'oma ya pawailesi, kenako kuseri kwa thanki yamadzi kunatuluka gule. Ine ndi Tamandani tinadzambatuka kuti tithawe monga timachitira kuno. Koma alendo ankangowomba m'manja. Atavina, guleyo anagwira kumaso n'kuvula, akazi tonse tikuona. Anali a Petulo, thukuta lili kamukamu.

Ndinati chapansipansi, "A Petulo, zimenezi?"

Anati, "Kuno n'kutauni, iwe. Chigoba ichi n'chogula kwa osema ziboliboli. Abwana amafuna Loweruka lililonse. Ndikakana, malata a nyumba yathu uwatola kuti?"

Mtsikana wina wachizungu anali ndi kamera yotulutsa chithunzi nthawi yomweyo. Anatiimika awiri n'kutijambula. Dzanja limodzi a Petulo anandigwira paphewa, lina linanyamula chigoba chija, nthenga ndi nsanza zidakali m'thupi. Chithunzicho chitatuluka, a Petulo anandiuza kuti ndiching'ambe. Ndinavomera, koma ndinachibisa m'buku langa la mapemphero. Sitinajambulitsepo limodzi chiyambire, ndipo ndinaoneka bwino.

Sabata yatha ndinapita kukaona amayi awo a Petulo kutsidya, paja miyendo yatupa. Analira kuti mwana wawo sanamuone miyezi isanu ndi itatu, kaya akudya. Chisoni chinandigwira. Ndinatulutsa chithunzi, chala changa chachikulu nditaphimba pachigoba, chikhatho chitabisa m'munsi, kuti aone nkhope yokha. Anasangalala, amvekere, "Wanenepa, taonani masayawo!"

Sindinadziwe kuti a Dziwani, atsibweni awo a Petulo, aja akuluakulu a kudambwe, anali pakhonde akusoka mphasa. Anangoti, "Tabwera nacho tione nafe, mtengwa."

Ndikanatani, achemwali? Munthu wamkulu, wakuchimuna. Ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri monga anatiphunzitsira amayi. Popereka ndi manja awiri chala sichitsala pamwamba.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti, "Panali akazi?" Ndinati eya. Anachiika m'thumba la jekete n'kupitiriza kusoka.

Lamulungu tikuchokera ku Misa tinapeza ankhoswe akuchimuna atakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi atsibweni athu a Benedicto. Akuti a Petulo aulula za kudambwe, ndipo akaponda kuno mlandu ukuwadikira, iwowo sangawaimirire. Abambo nawo anakwiya kwawokwawo. Paja anavomera ukwati chifukwa a Petulo analumbira kuti gule anasiya ndipo ayamba kalasi kutchalitchi. Anati, "Kwawo wawanyoza, kwathu watinamiza. Ndiye mwana wanga akwatiwe ndi uti?" Andiuza kuti ndibweze chikole. Mpango wa chikolewo ndauchapa, uli pachingwe m'nyumba, sukuuma ndi nyengoyi.

Tamandani akuti ndithawire ku Lilongwe. Ndikagona kuti, pabedi lapamwamba lija? Chingerezi sindidziwa, ndipo amayi ndiwasiyira yani munda?

Pempho langa ndi ili. Foni yanga abambo anatenga. A Petulo sakudziwa kanthu, akuti abwera pa Khirisimasi ndi malata. Nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Muwaimbire, muwauze asabwere. Akafunsa kuti zadziwika bwanji, poyamba ndimafuna munene kuti simukudziwa. Koma akhoza kuganizira Tamandani, yemwe sanalakwe. Muwauze kuti ndine. Muwauzenso chifukwa chake chithunzicho sindinaching'ambe, inu mudziwa kanenedwe kake, ine pakamwa panga mumapadziwa.

Zidina za nyumba yathu zomwe a Petulo anaumba kuseri kwa khola ndinaziphimba ndi udzu, koma mvula ya dzana yalowa pansi. Mzere wam'munsi wasungunuka kale. Abambo akuti pamalopo tidzalepo kabichi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti mutumize mafuta opaka miyendo aja. Mukamaimba foniyo muyambe mwawafunsa ngati adya.

Ndamaliza kulemba lero Lachitatu, 4 koloko madzulo, mvula isanakate.

Ine mng'ono wanu,
Filomena