Chipinda cha Prosper chapezeka

Coolock, Dublin

Okondedwa Malume Cornelio,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Mtakataka. Ine ndili bwino, ntchito yosamalira okalamba ikuyenda.

Malume, mchimwene wanga Prosper akutuluka Loweruka! Wakwanitsa miyezi itatu kumalo kuja kothandiza anthu kusiya mowa, m'katauni kakumudzi komwe ng'ombe n'zambiri kuposa anthu. Ndinakamuona Lamulungu. Masaya abwerera, manja sakunjenjemeranso, kapu ya tiyi akuigwira ndi dzanja limodzi. Kumeneko amalima kabichi, moti anandininkha awiri akuluakulu, ndinachita kuvutika nawo m'basi.

China chokoma n'chakuti chipinda tamupezera. Kuno nyumba ndi mavuto. Ineyo ndimagona chipinda chimodzi ndi mnzanga, ndiye kumusunga sindikanatha. Tsiku lokaona chipindacho tinalipo anthu oposa fote pamzere, mvula ikutikwapula, koma landilodi anasankha ife. Ndinavina pamsewu, azungu akundiyang'ana.

Chili pamwamba, n'chaukhondo, ndipo hita ikugwira ntchito. Pansi pake eni nyumba ali ndi bizinesi yawo. Lole imatsitsapo migolo yachitsulo ya mowa m'mawa, ndipo Lachisanu anthu amadzaza mpaka panja, matambula ali m'manja. Nditamuuza Prosper anaseka n'kuti, "Achemwali, fungo silikwera masitepe."

Masitepewo ndinawawerenga. Alipo 14.

Amayi muwauze kuti mwana wawo wanenepa ndipo pogona papezeka. Zapansizo musatchule. Koma korona amapemphera m'mawa uja asasiye kaye.

Moni kwa azakhali ndi ana onse.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Edna