Dzanja la Ababa

Tauni ya Dese, mwezi wa Meskeremu, woyamba pa kalendala yathu

Okondedwa achemwali anga a Tiruwork,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji ku Beirut kumeneko? Msana uja unasiya kuwawa? Ife kuno tili bwino, Mulungu alemekezeke. Amayi chifuwa chija chinatha.

Achemwali, ngati mwanyamula mbale za abwana anu, yambani mwatsitsa. Achimwene a Wondwosen ali moyo! Ali m'nyumba muno, ndipo pamene ndikulemba masana ano ndikuwamva akuwaza nkhuni kuseri.

Paja tinauzidwa kuti anafera kunkhondo ya kumalire, ife n'kumeta, n'kuvala zakuda, n'kuchita mwambo wa masiku makumi anayi. Chonsecho anangogwidwa. Zaka zitatu zonsezi anali mumsasa wa akaidi a pankhondo. Dzina lawo linatchulidwa pa wailesi pamodzi ndi ena omasulidwa, ndipo Mayi Zewditu oyandikana nawo aja anathamangira kwathu nsapato imodzi ili kumanja.

Tsiku lofika basi yowabweretsa, tauni yonse inali pamsewu. Atolankhani anadzaza ndi makamera, achimwene anavekedwa maluwa achikasu m'khosi, aliyense akuti ngwazi, ngwazi. Mtolankhani wina anawafunsa kuti anapha adani angati asanagwidwe. Iwo anati palibe, anagwidwa atasenza chigubu cha madzi. Iye anaseka, nati zimenezo sizimveka bwino, anene kuti anamenya mpaka zipolopolo zitatha. Anawabwerezetsa katatu. Tinawaonera pa kanema wa m'sitolo ya tiyi, maso ali pansi ngati mwana wakuba shuga.

Koma Ababa sanapite kubasi. Mukuwadziwa ndi usilikali wawo wakale uja. Chithunzi cha achimwene chokhala ndi kansalu kakuda anakana kuti tichitsitse. Anati mwana wawo ndi uyo ali pakhomayo, uyo anafa ngati mwamuna, koma wokweza manja m'mwamba sakumudziwa. Tikaika injera, buledi wathu wopyapyala uja, pakati, iwo ankatenga yawo n'kukadyera pakhonde. Achimwene anapirira masabata awiri, kenaka anandiuza kuti chikondwerero cha Mesikeli chikangodutsa apita kutali kukafuna ganyu, ndipo sadzabweranso. Chikwama anamangiratu.

Ine ndinkaona chinthu chimodzi. Nthawi iliyonse tikamadya, achimwene ankakulunga nthongo yoyamba, dzanja n'kupita kumbali kumene kulibe munthu, kenaka n'kubwerera mwamanyazi. Nditafunsa, anati n'chizolowezi chabe. Mumsasamo munali mnzawo, dzina lake Tafesse, amene bomba linamuwotcha manja onse zala n'kutha. Achimwene ndiwo ankamudyetsa tsiku lililonse, iye ayambe wadya, iwo pambuyo. Chakudya chikachepa ankanama kuti akhuta.

Tsopano ndiulule. Ine amene ndimabisala kukhitchini kukabwera alendo, ndinapita ndekha kwa mtolankhani wamkazi amene anali akadali m'tauni. Ndinamufotokozera za achimwene ndi Tafesse. Anandimvetsera bwinobwino, nati nkhaniyo ndi yokoma, koma munthu kudyetsa mnzake si chinthu choti anthu angakhalire pansi kuonera.

Choncho ndinapisa m'chikwama cha achimwene. Ndinapeza kapepala kolembapo kumene Tafesse amakhala ku Kombolcha. Ndinanamiza Amayi kuti ndikupita kutchalitchi, n'kukwera minibasi kukamuitana. Mundikhululukire, sindinanamepo chonchi.

Lamlungu Tafesse anabwera ndi amayi ake. Achemwali, munthu wake ndi wanthabwala zedi. Atangolowa anatcha achimwene kuti namwino wake wankhanza, akuti ankamukulungira nthongo zokula ngati akudyetsa bulu. Poti panali alendo, Ababa sakanatha kukadyera pakhonde, ndiye anakhala nafe nkhope ili gwa.

Nditazungulira ndi madzi osamba m'manja, tinayamba kudya. Achimwene osaganiza n'komwe anang'amba injera, kukulungamo ndiwo ya shiro, n'kuika m'kamwa mwa Tafesse, n'kumupukuta pachibwano ndi chala. Tafesse atameza anayang'ana chithunzi chija, nauza Ababa kuti mnyamata ali pakhomayo ndi wokongola ndithu, koma akanakhala kuti anafadi, bwenzi lero pa nyumba ina ku Kombolcha palinso chithunzi cha kansalu kakuda. Amayi ake anangoyamba kulira.

Ababa anakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja opanda zala aja. Kenaka anakulunga nthongo n'kumudyetsa Tafesse, monga timachitira mwambo wathu wa gurusha kwa mlendo wolemekezeka. Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma anakulunganso ina yaikulu, n'kutambasulira dzanja kwa achimwene. Anati atsegule pakamwa bulu ameneyu, waonda ngati ndodo. Anawadyetsa katatu. Amayi athu analiza nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika panja, ine khofi yense anapsa pamoto. Panalibe kamera ngakhale imodzi.

Alendo atapita, Ababa anandiuza ndikwere pampando ndichotse kansalu kaja, akuti kakusonkhanitsa fumbi.

Pempho langa ndi ili. Achimwene chikwama chija amasula, koma nsapato zaulendo zikadali pafupi ndi chitseko. Akuti sakudziwa ngati inunso mukuchita nawo manyazi, poti ndinu amene munawalera. Chonde imbani foni kusitolo ya a Kassahun Lamlungu loyamba mukalandira kalatayi, tikatuluka m'tchalitchi. Tizikadikira kumeneko Lamlungu lililonse. Musawafunse za mmene anagwidwira. Mungowafunsa ngati adya.

Kansalu kakuda kaja ndakaika mu envelopu momwemu. Paja munati nyanja ili pafupi ndi kumene mumagwira ntchito. Mukakataye kumeneko, ndipo zakuda zanuzo muvule.

Mulungu akusungeni ndi kukubwezerani kwathu muli wamphamvu. Mundiperekere moni kwa asuweni athu a Yeshi mukakumana kutchalitchi. Amayi akupsompsonani masaya onse.

Ndine mng'ono wanu,
Mulunesh