Musagule Chimbale Chija, Achimwene

Kantanshi,
Mufulira.
16 Juni, 2024.

Okondedwa achimwene a Kangwa,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga ndi ana muli bwino ku Perth komweko. Kuno kwazizira kwambiri chaka chino. Bambo ali bwinoko, chifuwa chija chinasiya, kungoti miyendo ikumatupa akakhala pansi nthawi yaitali. Ine ntchito ya kuchipatala ikuyenda monga mwa masiku onse.

Kawiri konse mwandifunsa pa foni ngati mugule chimbale chatsopano cha filimu ya makauboyi imene bambo amaikonda, chija akuti anachikonzanso kuti zithunzi zizioneka mbee. Kawiri konse ndinakuyankhani kuti foni ikudukaduka. Sinkaduka ayi. Pakamwa panga ndi pamene pankalemera, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Musagule, achimwene. Ine ndinagula kale.

Mukudziwa mmene tepi yawo yakale ija inalili. Zithunzi zinkachita kunjenjemera ngati kukugwa mvula, mahatchi osasiyana ndi miyala, ndipo makinawo ankatafuna tepiyo pafupifupi sabata iliyonse. Ndikaweruka ndinkawapeza akuikulunga ndi pensulo, atayandikitsa nkhope chifukwa cha maso. Zinkandimvetsa chisoni kuti munthu amene anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi atatu, amene ali mnyamata ankalimbirana benchi yakutsogolo ku holo ya mgodi kuti aone filimu yomweyi, azivutika chonchi ana ake tilipo. Dokotala wina wa kuntchito kwathu anandithandiza kuitanitsa chimbalecho ku Lusaka pamodzi ndi makina ake.

Mwezi wa Epulo bambo anapita ku Mansa ku maliro a msuweni wawo. Ndinati ndiwadzidzimutse ndi chinthu chabwino. Ndinasesa chipinda chochezera, ndinalumikiza makina atsopano, ndipo makina akale aja ndi katoni yonse ya matepi ndinapatsa anthu ogula zitsulo amene amadutsa ndi wilibala. Mukatonimo munali mphemvu zokhazokha. Sindinaganize kawiri.

Atabwera ndinawaphikira ifisashi, ndiwo zotendera zija, ndi kuwagulira chakumwa cha munkoyo kwa aneba athu Bana Mpundu. Anayang'ana pa shelefu n'kufunsa kuti makina awo ali kuti. Ndinawauza kuti akhale pansi aone kaye. Kunena zoona, achimwene, chimbalecho n'chokongola. Thukuta la pamphumi pa munthu limaoneka, ulusi wa malaya umaoneka, fumbi limachita ngati likulowa m'nyumba. Bambo anaseka ataona kuti mkulu wa achifwamba uja ali ndi dzino lagolide, akuti zaka zonsezi sankadziwa. Tsiku limenelo ndi loyamba kuti ndikhale nawo kuonera mpaka kumapeto. Masiku onse ankaonera masana ine ndili kuntchito.

Itafika pamene mwamuna wa chipewa choyera awoloka mtsinje, bambo anawongoka pampando n'kukonza kolala ya malaya awo. Mwamunayo anawoloka, anakwera phiri, nyimbo inalira, mayina anayamba kuyenda. Iwo ankadikirabe. Chithunzi chitada anatembenuka.

"Nanga Bana Kangwa ali kuti?"

Ndinaganiza kuti mutu wayamba kuwasokonekera. Ndinawakumbutsa mofatsa kuti amayi anatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, n'kunena kuti zimenezo akuzidziwa kuposa ine, poti ndi iwo anasankha bokosi. Anati akufunsa za pa tepi.

Achimwene, mukukumbukira matebeto a Chisenga, mwana wa azakhali, mwambo uja wopititsa zakudya kuchimuna? Munabwereka kamera kwa anzanu a kuntchito, ndipo posowa tepi yopanda kanthu munakoperera pa tepi ya bambo, n'kufufuta mathero a filimu yawo. Anakhala sabata yathunthu osakulankhulani. Ine mkanganowo ndinali nditauiwaliratu. Bambo akuti pa tepi yawoyo, mwamuna wa chipewa choyera uja akangolowa m'madzi, chithunzi chinkaphethira, kenako amayi n'kutulukira atasenza poto wokutidwa ndi chitenje, akuimba ndi amayi anzawo. Akuti ankatula potoyo, n'kuyang'ana kamera n'kunena kuti, "Iwe Kangwa, chotsa chinthu chakocho, ndili ndi thukuta." Kenako ankaseka. Mphindi zinayi zokha. Kuyambira tsiku limene tinaika maliro, bambo akhala akuonera maola awiri a mfuti ndi mahatchi tsiku lililonse kuti akafike pa mphindi zinayizo. Ndinawafunsa chifukwa chake sankangothamangitsa tepiyo, anati mkazi wawo sanali munthu womufulumizitsa.

M'mawa mwake sindinapite kuntchito. Ndinazungulira malo onse ogulako zitsulo mpaka ku Butondo. Wa wilibala uja ndinamupeza, ndipo anandikumbukira. Anati makinawo anawaphwanya tsiku lomwelo kuti achotse waya wa kopa, matepi anawataya kudzala poti pulasitiki sagula. Kudzalako ndinafika, achimwene, ndi yunifolomu yanga yoyera. Zinyalala zonse anali atazitentha kale.

Nditabwerera ndinagwada n'kuwauza zonse. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Unkafuna kundisangalatsa, mayi. Dzuka, pansi pazizira." Kuyambira pamenepo sanaitchulenso nkhaniyi. Chimbalecho amaonera ndithu, ndikuganiza kuti n'cholinga choti ndisadandaule. Koma Bana Mpundu akuti akamadutsa masana amamva nyimbo ya filimuyo ikudukira pakati, kenako amawaona atakhala pakhonde manja ali m'thumba.

Tsono pempho langa ndi ili. Katepi kakang'ono ka m'kamera muja kanapita kuti? Chisenga ndinamufunsa, akuti tepi yake ya matebetowo inawonongeka ndi madzi pamene ankasamukira ku Chingola. Mwini kamera, bambo Simwinga, ndamva kuti anamwalira ku Solwezi, koma mwina inu mukudziwa kumene kuli ana awo. Fufuzaninso m'masutikesi amene munapita nawo. Ngati palibe, mundiuze ine ndekha, musawauze bambo. Sindinawalonjeze kanthu, ndipo sakudziwa kuti ndikufufuza.

Ndinawauza kuti ndikukulemberani. Akuti ndikupatseni moni, ndipo musataye ndalama pa iwo, muwagulire ana majuzi. Akutinso mwezi wa Disembala muyesetse kubwera ndi mwana wanu Mwansa, chifukwa pa chithunzi chimene munatumiza chija waima ngati agogo ake aakazi, dzanja limodzi m'chiuno.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana onse. Inuyo mukamaimba foni Lamlungu, ngati mukukumbukira nyimbo imene amayi ankaimba atasenza poto uja, mundiimbireko ngakhale mzere umodzi. Bambo ndikuopa kuwafunsa. Ndayesa kukumbukira mawu a amayi masabata onsewa, achimwene, koma sakubwera.

Ndine mlongo wanu,
Lombe.