Mfuti ya Takondwa Inalira

Lachiwiri, 4 Febuluwale, dzuwa lili paliwombo
Ndangoweruka kumunda, ndakhala pakhonde kuti ndilembe. Zilembo zokhota, sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma nkhaniyi siyogona nayo. Mdzukulu wanga Takondwa, wapolisi uja, amusankha kukaphunzira kukonza mfuti. Kosi yake mpaka nyengo yozizira. Amuna okhaokha, mkazi iye yekha. Ndavina ndekhandekha mpaka bondo kulira.

Lamulungu, 9 Febuluwale
Kwabwera mlongo wanga Danieli, mwinimbumba wathu, nkhope ngati watafuna ndimu. Akuti mfuti ikagwiridwa ndi mkazi imasukuluka, siilira. Mawu omwewo a malemu bambo akunyumba kuno. Gogodera wawo, mfuti yachikale ija, sindinkamukhudza, ngakhale kusesa pansi pake ayi. Koma anyani ankatha chimanga chaka ndi chaka, iwo kuphonya basi. Nanga ameneyo anamusukulutsa ndani?

Lamulungu, 2 Malichi
Zaipa. Pakamwa pa Danieli pafika kumsika kwa Limbuli. Amake a Hopewell, mnyamata wofuna kukwatira Takondwa, amva. Akuti mkazi wosukulutsa chitsulo, nanga mwamuna adzamutani? Chinkhoswe achiimitsa. Takondwa pafoni, misozi: "Anganga, ndingosiya." Ndamuuza kuti akasiya asadzapondenso pakhomo panga. Kenaka ndakalira ine kuseri kwa khola, kuti mwina ndamuphera banja mwanayu. Mvula osakata. Nyemba zikuola.

Lachitatu, 16 Epulo
Sanasiye. Akuti tsopano amamasula mfuti yonse, tizitsulo mbwee patebulo, n'kuibwezera atamumanga nsalu kumaso. Ine ndi maso awiri ulusi umandikanika pasingano. Mwazi wanga umenewo! Hopewell zii. Nditamufunsa Takondwa za iye, anangoti netiweki yavuta.

Loweruka, 26 Julaye
Dzulo! Ndilembe ndisanaiwale. Tsiku lotsekera kosi. Danieli ndinachita kumukoka mpaka pasiteji pa Chitakale, minibasi yonse akung'ung'udza. Kusukulu ya apolisi kuja wophunzira aliyense anapatsidwa mfuti yakufa kuti aidzutse, ndipo aphunzitsi amaziyesa pamaso pa anthu. Atatchula ya Takondwa, tonse zala m'makutu. Danieli manja pachifuwa, kuuza mzere wonse kuti, "Musavutike, iyi siilira."

Phuu!

Danieli, mkulu wa mpingo wathunthu, chagada kuseri kwa benchi, nsapato kuloza kumwamba. Inaliranso kachiwiri iye akufunafuna chipewa. Ine nthungululu mpaka mawu kusasa. Mwana wanga, yunifomu yosita bwino, setifiketi m'manja, kundiperekera sawasha ine nkhalamba. Sindinadye tsiku lonse, njala osaimva.

Lamulungu, 3 Ogasiti
Kani Hopewell analiko, anabisala kumbuyo kwa anthu. Lero watulukira ndi amalume ake, tsiku la chinkhoswe atchula. Ndamufunsa ngati sakuopa kusukuluka. Maso pansi, kuseka: "Anganga, yakufa ija si inadzuka?" Ali ndi nzeru, ngakhale anachedwa nazo.

Danieli akuuza anthu kuti anaterereka. Tsiku lopanda ndi chiperoni chomwe!

Ndiye iwe wopeza kope ili, ndinkati n'langa ndekha, koma ndasintha maganizo. Usaliike pansi pa mphasa. Kamuwerengere Danieli mokweza, kukhutu lakumanja, poti lakumanzere likadali kulira. Ukatero ulipereke kwa amake a Hopewell.