Nkhope ya Atate Yakana Thonje

Navutika,
Chipata.

Okondedwa alongo anga a Petulo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Sindinaimbe foni dala, chifukwa ndikufuna nkhaniyi muwawerengere amayi pang'onopang'ono. Pafoni ndikanangoyamba kulira.

Ntchito ija ndikuiphunzirabe kwa a Keith, bambo amene ali ndi kashopu kosindikiza zithunzi pamakapu ndi pamalaya pafupi ndi msika. Chithunzi timachitulutsa papepala ndi inki yakeyake, kenako pepalalo timaliika pansalu n'kupanikiza ndi chitsulo chotentha kwambiri. Zala zanga zili ndi matuza. Magetsi nawonso amathima chitsulo chitangoyamba kutentha, ndiye timangokhala n'kumayang'anana. Makapu okha ndayamba kuwakhoza, ngakhale oyamba ndinawapsereza.

Tsopano vuto ndi ili. Paja ndinalonjeza pamaso pa banja lonse kuti tsiku lovundukula chiliza cha atate aliyense adzavala malaya okhala ndi nkhope yawo. Mukukumbukira mmene amalume anasekera, amvekere tidzaona. Mawu amenewo andikhala pamtima. Ndiye a Keith atapita ku Lusaka kukagula inki, ndinaganiza zoyambiratu ndekha kuti ndisachedwe.

Kusitolo wogulitsa ananditulutsira malaya oterera, n'kunena kuti osindikiza onse amatenga amenewo. Ndinatikita nsaluyo ndi zala monga ankachitira atate, ndipo ndinakana. Mukudziwa mmene ankanyozera nayiloni. Ankati mlimi wa thonje kuvala pulasitiki n'kudzitukwana yekha. Choncho ndinasankha a thonje lenileni, oyera bwino, okwanira banja lonse, ndipo ndinatuluka m'sitolomo ndikudzitama.

Ndinawasindikiza onse. Chithunzi chinatuluka chotuwa pang'ono, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi maso anga. Kenako Dolika, mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi, anachapa amodzi amene anagwera pafumbi. Alongo, atate anatsalira m'beseni. Pamalayapo panangotsala chipewa chawo chija ndi kamthunzi pansi pake. Dolika anati bola chipewacho anthu achizindikira, koma ine sindinaseke.

A Keith atabwera sanandikalipire, anangogwira kumutu. Anandifotokozera kuti inki imeneyi ikatenthedwa imasanduka ngati nthunzi n'kulowa mkati mwa ulusi wa poliyesitala, yemwe atate ankamutcha nayiloni uja. Pathonje silowa, imangokhala pamwamba ngati fumbi. Anandifunsa kuti ndinalekeranji kuwadikira. Chimene chikundiwawa n'chakuti nsalu imene atate anaivutikira moyo wawo wonse ndiyo ikuwakana, pomwe imene ankainyoza ikuwasunga.

Tinayesa pamalaya amodzi oterera aja. Ndachapa, ndachapanso, ndatikita ndi sopo mpaka manja kuwawa, koma atate ali pomwepo. Ngakhale chipsera chija cha pachibwano, pamene inawagunda ng'ombe, chikuoneka. A Keith akuti andithandiza kusindikizanso onse, bola ndiwauze msanga, chifukwa tsiku layandikira ndipo magetsi sitingawadalire.

Koma ine ndikulephera kugamula. Ndikaganiza zotenga oterera, ndimaona azakhali a Edita akugwira nsaluyo kumanda n'kufunsa ngati ana a mlimi wa thonje asowa ulemu chonchi. Ndikaganiza zobweretsa a thonje, ndimaona mvula kapena thukuta zikufufuta atate pazifuwa za anthu, amalume akuyang'ana. Chakudya sichikulowa. Dolika akuti ndaonda ngati ndine amene ndachapidwa.

Pempho langa ndi limodzi. M'kaphukusi kamene ndapatsira a Shepherd, kondakitala wa minibasi ija, muli malaya awiri: a thonje ochapidwa aja ndi oterera. Muwapatse amayi m'manja. Awaone panja powala, awagwire okha. Chonde musawasankhire, ndipo musawauze kaye amalume. Amayi ndi amene anakhala ndi atate zaka zonsezi, ndi amene akudziwa ngati angakwiye kapena angaseke. Akanena kuti oterera, ndiyamba tsiku lomwelo. Akanena kuti thonje, ndibweretsa omwewa, tidzawavale tsiku limodzi lokhalo, ndipo manyazi ake ndidzawasenza ine.

Yankho muwapatse a Shepherd omwewo, kapena mundiimbire. Kaya asankha ati, oterera ali m'kaphukusiwo asabwerere kuno. Akhale a amayi, kuti akawasowa atate azitha kuwaona ndi chipsera chawo chomwe.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, ana onse, azakhali ndi amalume omwe. Mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Dailes