Abakha a Apongozi Anu

Kainakary,
11 Febuluwale 2019

Okondedwa achimwene Shaji,

Ndikhulupirira muli bwino ku Muscat kuja, ndipo dzuwa silinakuumitseni ngati nsomba ya pathandala. Kuno tilipo. Amayi bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha mpamoyo. Mpunga wayamba kucha, ndipo alendo achuluka moti boti lanu silinkapuma.

Tsono khalani pansi, achimwene. Pali nkhani, ndipo ndi bwino muimve kwa ine isanakupezeni ndi mphepo.

Lachiwiri lapitali ndinanyamula banja lina la ku Delhi, anthu ofulumira ngati asiya mphika pamoto. Ndikuthira dizilo kuchokera m'chigubu, iwo ali pakhosi panga kuti tachedwa, boti lina linadutsa mothamanga. Funde linandigwedeza, chigubu n'kundipulumuka. Theka lonse linathera m'ngalande, madzi n'kuchita utawaleza mpaka tsidya.

Mukudziwa zomwe timachita tonse oyendetsa maboti kuno. Mafuta akatayika timathirapo sopo wotsukira mbale, utawaleza uja n'kuzimiririka, a boma osaona kanthu. Ndinakhuthula botolo lonse osayang'ana kumunsi. Kumunsiko bambo Ouseph, apongozi anu a mawa, anali atangotsitsira m'madzi abakha awo ang'onoang'ono, aja akuweta kuti adzagulitse pa Pasaka apeze zoyendetsera ukwati wanu ndi Lissy.

Ine mbuli sindinkadziwa kuti sopo amasukulula mafuta a m'nthenga. Bakha kumira m'madzi, munamvapo? Ndinaona ndi maso angawa. Ananyowa ngati sanza n'kumamira mmodzimmodzi, mkuluyo ali m'madzi olekeza m'chifuwa, akutola ndi dengu. Ambiri sanapulumuke.

Thovu la sopo uja ndi lomwe linaitana a boma oyang'anira madzi. Mkulu wawo, mayi wa mawu ofatsa, anandifunsa kuti, "Sopoyu wathira ndani?"

"Ndine, mayi. Ndimafuna kuyeretsa."

"Kuyeretsa kapena kubisa? Sopo sachotsa dizilo, amangomumiza pansi pomwe pali nsomba. Dizilo ndi mlandu, sopo ndi mlandu wina. Mwini boti ndani?"

Ndinawachonderera kuti alembe ine, popeza inu muli kutali ndipo simunagwire ngakhale chigubu. Anati ine sindipulumuka, koma chindapusa chachikulu chimatsata dzina lomwe lili pa chiphaso cha boti. Dzinalo ndi lanu, achimwene. Boti alimanga pa doko mpaka tilipire. Zimenezo musade nazo nkhawa kwambiri, ndigulitsa njinga yamoto.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Mayi uja anauza bambo Ouseph kuti akafuna kulipidwa abakha awo, asume mwini boti. Iwo anafinya malaya awo, nati, "Ndikasume mkamwini wanga? Mwana wanga adzalowa bwanji m'nyumba yomwe ndinaitengera kukhoti?" Anakana, n'kunyamula dengu lawo.

Mawa lake ndinapita kwawo ndi amayi, titatenga kangachepe. Anatilandira bwino, anatipatsa tiyi ndi nthochi zokazinga. Nditatulutsa envulopu anaikankhira kwa ine.

"Jomon mwanawe, ndikalandira izi ndiye kuti ndinu anthu akunja. Ndikakana, ukwati ndiuyendetsa ndi chiyani? Tandiuza iwe wanzeru za sopo."

Amayi anati tingachepetse mwambo, anthu adye chinangwa ndi nsomba basi. Mkuluyo anaseka pang'ono, nati mwana wake wamkazi ndi mmodzi yekha, sangamutulutse ngati wakuba. Za tsiku la ukwati anati tidzakambirana mpunga ukakololedwa. Sananene kuti ukwati watha, komanso sananene kuti ulipo.

Ndikuchita manyazi, achimwene. Munapirira kutentha zaka zonsezi kuti mugule botili, ine ndakuipitsirani dzina kwa boma ndi kwa apongozi tsiku limodzi. Chonde aimbireni foni apongoziwo nokha, musatume munthu. Mukafuna kunditukwana, yambani mwathana nawo, ine ndilipo sindithawa.

Amayi akupereka moni, ati muzidya. Atsibweni a Varkey nawonso akuti moni, ndipo andipatsa kale mbama m'malo mwanu. Lissy ndinakumana naye potuluka m'tchalitchi, manja ake atasupuka ndi kutsuka abakha otsalawo. Ndinamufunsa ngati ndikuikireni moni wake m'kalata muno. Anati ndisiye malo, akafunse kaye bambo ake.

Malowo ndasiya m'munsimu.

Ndine mng'ono wanu,
Jomon