Buluku Ndalibweza Kawiri

Achemwali anga,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino kumeneko. Kuno ana ali bwino, ndipo makina kushopu akulirabe.

M'mimba muja ndinkakuuzani kuti ndi mpweya chabe simunasiye kupweteka. Miyezi inayi ndakhala ndikumwa madzi ofunda ndi kuika botolo lotentha pamimba. Tsabola ndinasiya. Mukaleka pang'ono ndinkati ndachira. Mlamu wanu akati tipite kuchipatala, ndinkamukalipira kuti mwamuna sakaima pamzere chifukwa chogeya.

Za kuchimbudzi sindinamuuze. Magazi ndinayamba kuwaona kalekale. Buluku langa ndalibweza kawiri m'chiuno, mobisa, kuti asaone mmene ndikuthera. Utelala wanga wonse ndinauthera ponamiza mkazi wanga.

Lolemba ndinasanzira nsalu ya eni ake, ndiye mlamu wanu anandikokera kuchipatala. Adokotala atafunsa kuti zinayamba liti, ndinati sabata yatha. Mlamu wanu anangoti, "Adokotala, buluku limenelo amachapa ndine. Misoko yonse ndinaiona." Ndinasowa poyang'ana. Adokotala sanakalipe, bwenzi bola akanakalipa. Anati m'mimba wamba mumaleka pa masiku awiri kapena atatu, koma magazi ndi kuonda sizodikira nazo.

Anandiyeza. Zotsatira zituluka Lachinayi, ndipo akuti ndisapite ndekha.

Achemwali, inu munali wamkulu, mukukumbukira. Matenda aja anatenga bambo athu anayamba bwanji?

Ana anu musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu,
Telala uja